Duku la Amayi M'munsi mwa Linga

Bentsir, 9 Malichi 2003

Mlongo wanga Ekow,

Landira moni, iwe ndi akazi ako ndi mwana, ngati mukadali moyo. Ndikuti "ngati" chifukwa kalata yako yomaliza inali ya chaka chatha, ndipo munali nkhani ya kuzizira kwa ku Jeremani yokhayokha, ngati kuti ife tinafunsa za nyengo. Kuno tilipo. Nyanja ikupatsa mwaumbombo, utsi wowambira nsomba ukunditha maso. Esi Kakra, mkazi wamng'ono wa malemu bambo, akadali wamphamvu, ndipo akudutsabe pakhomo pathu osalonjera.

Nkhani ndi iyi. Amayi miyendo yawakaniratu, kugombe sanapondeko chimwalirire bambo. Sabata yatha anandiuza kuti nditsegule bokosi lawo lachitsulo. Anatulutsa nsalu yawo yapamwamba ya kente ija ya pansi penipeni, mikanda ya agogo ndi duku lachikasu, n'kuti ndiziyanike padzuwa. Sindinawafunse chifukwa chake.

Ukudziwa kuti amayi alibe chithunzi. Chija anajambulitsa ndi bambo ku Sekondi nkhungu ya m'nyanja inachidyera m'galasi momwemo, pangotsala nsapato za bambo ndi mwendo wa mpando. Ndikanaitana Papa Yankah wa kamera, koma mudzi wako ukuudziwa, pokhapokha ngati unauiwala. Yankah akalowa pakhomo pa nkhalamba, madzulo ake anthu amayamba kufunsana mtengo wa nsalu yakuda. Anganene kuti Araba watopa ndi mayi ake, akuwafulumizitsa. Amayinso anakana okha. Anati, "Ine, wa mdzukulu wophunzira za kamera ku Ulaya, ndikakhale pamaso pa Yankah wonunkha kachasu uja?"

Choncho tumiza Efuwa wakoyo adzajambule kwawo. Sindilemba zoposa apa, zina siziikidwa papepala. Mwana wobadwira pakhomo pano amva.

Mchemwali wako,
Araba


Hamburg, 20 Epulo 2003

Achemwali,

Moni wanu ndaulandira pamodzi ndi minga yake. Kuno tili bwino. Muzimvetsa kuti kuno munthu sakhala pamthunzi n'kumalemba makalata. Kudoko kumene ndimagwira ntchito, ukachedwa pang'ono mnzako watenga malo.

Maganizo anu andikondweretsa kwambiri, ndipo sindinkayembekeza kuti angachokere kwa inu. Efuwa akumaliza sukulu yake ya zojambula ndipo amasowa choti akaonetse pomaliza. Ine ndakhala ndikumuuza za linga lathu lakale la akapolo lija kuyambira ali wakhanda. Inu kumeneko simudziwa chimene muli nacho. Azungu amalipira ndege kuti akaone makoma amene inu mumayanikapo maukonde. Abwera mu Ogasiti, nthawi imene nkhungu imakhala yochindikala m'mawa, pakuti akuti ndiyo imakometsa chithunzi.

Madzi akumwa muziwiritsa. Tsabola muchepetse. Musamuunjikire achibale tsiku lonse, akubwera kudzagwira ntchito, osati kudzacheza.

Zoti amayi akuyanika nsalu zandilimbitsa mtima, zikusonyeza kuti akadali ndi mphamvu zosamala zinthu zawo. Kunyanja n'kwa chinyezi, nsalu zimafunadi dzuwa. Muwauze kuti mwana wawo amawakumbukira tsiku ndi tsiku.

Mlongo wanu,
Ekow


Bentsir, 2 Sepitembala 2003

Ekow,

Moni. Mlendo wako tamuperekeza, ndikhulupirira wafika. Walira mvula walira matope: ndinapempha wojambula, ndipo ndinamulandiradi.

Mwanayo ndi waulemu, sindinama. Amalandira zinthu ndi dzanja lamanja, nsima yathu ya dokono ndi nsomba anadya osakwinya nkhope. Koma chinenero cha agogo ake sadziwa ngakhale mawu opemphera madzi, ndipo umenewo ndi mlandu wako, osati wake.

Kukangocha wanyamuka, kamera pakhosi, kuthamangira nkhungu. Ife nkhungu timaitukwana, imanyowetsa nkhuni ndi kusocheretsa mabwato. Iye ankaiimirira kukamwa kuli yasa. Linga analijambula kumaso, kumbuyo ndi m'mbali, mizinga yadzimbiri ija, ndi kakhomo kaja ankatulutsirapo anthu ogulitsidwa. Mchenga anaujambula. Nkhanu anazijambula. Lachiwiri anapita kwa asodzi kukawapempha kuti akankhire bwato m'madzi kuti chithunzi chikome. Lachiwiri, Ekow, tsiku loti nyanja imapuma! Bambo Kwamena Atta anasiya kusoka ukonde n'kundifunsa, "Araba, uyu ndi wa Ekow yemwe uja? Bambo ake anamuuza za miyala, za nyanja anaiwala?" Gombe lonse linafa nacho chiseko, ine manyazi anandigwira mpaka kumapazi.

Iye ali uko, amayi ali kuno. M'mawa uliwonse ndinkawasambitsa, kuwadzoza mafuta, kuwaveka kente ndi mikanda. Duku ankamanga okha ndi manja onjenjemera aja, osalola kuti ndilikhudze. Kenako ndinkawanyamula n'kuwakhazika pampando pabwalo, pafupi ndi uvuni wa nsomba, ndipo ankadikira. Esi Kakra anasuzumira pampanda tsiku lina n'kuti, "Kutchena konseku, Adjoa, mukukwatiwanso?" Amayi sanatembenuke n'komwe.

Dzuwa likakwera mwana uja wabwera, mapazi ali mchenga okhaokha. Ndimuuza m'Chingerezi changa cha kumishoni, "Agogo ako akonzeka." Iye, "Azakhali, dzuwa lakula, kuwala kwaipa. Mawa." Mawa lake chimodzimodzi. Tsiku lina anati, "Bwanji avule zonsezi? Ndikufuna ndiwajambule mmene amakhalira masiku onse." Mmene amakhalira masiku onse! Ndiye kuti chigonere pamphasa ndi nsalu yong'ambika? Amayi anafunsa kuti mwanayo akuti chiyani. Ndinawauza kuti akuti mwaoneka bwino.

Uzifunsa kuti bwanji sindinamuuze poyera ntchito ya chithunzicho. Pakamwa panga sipangatuluke mawu amenewo amayi akupuma. Anayenera kumuuza ndiwe, asanakwere ndege.

Koma Mulungu ngwabwino. Tsiku lomaliza anabwerako msanga, anaima pakati pa bwalo, n'kukweza kamera cha kumene kunali amayi. Ndinawanong'oneza kuti, "Wakweza." Anagwira mikono ya mpando n'kudziwongola. Kamera inalira kamodzi. Maso awo saonanso bwino koma makutu akadali akuthwa.

"Wajambula?"

"Wajambula, amayi."

"Basi. Ndivule, zikundilemera."

Madzulo amenewo zonse zinabwerera m'bokosi, ndipo anadya bwino kuposa masiku onse. Tsopano tsiku silipita osandifunsa kuti, "Kodi ndinaoneka bwino?" Tumiza chithunzicho msanga. Za linga ndi nkhanu musunge konko.

Araba


Hamburg, 16 Novembala 2003

Achemwali,

Moni kwa inu ndi amayi. Pepani kuchedwa, tinatanganidwa ndi chionetsero cha Efuwa. Mukanakhalapo mukanasiya kunyoza. Holo inadzaza, aphunzitsi ake anandigwira chanza, ndipo mwana wapambana anzake onse.

Pali chithunzi chimodzi chachikulu ngati chitseko. Nkhungu yakuta ponseponse, linga likuoneka ngati likuyandama, ndipo pamchenga pali mayi wachikulire yekhayekha, watipatsa msana, wasenza kanthu pamutu, akulowera kunyanja. Efuwa anati anamujambula ali patali ndipo sakudziwa kuti ndani. Ine nditangoyang'ana ndinadziwa. Ndinati, "Mwanawe, awa ndi agogo ako." Iye anakayika, koma munthu sangasokoneze msana umene unamubereka. Ndinalira pamaso pa Azungu osachita manyazi, ndipo ndinalembetsa dzina la amayi pansi pake.

Zithunzi sizingachoke pakhoma mpaka chionetsero chitatha, ndiye mudekhe. Koma auzeni amayi kuti anaoneka bwino zedi. Azungu akuwaimirira pamzere.

Ekow


Bentsir, 12 Januwale 2004

Ekow,

Sindikufunsa za moyo wako, mawu ako ndinawamva pa foni ya kwa abusa. Ndikulembanso zimene ndinanena, chifukwa unkangolira osamvetsera. Chichokere Efuwa sindinalandire kalata yako ngakhale imodzi.

Amayi anatisiya Lamlungu loyamba la chaka chino, anthu akutuluka m'tchalitchi. Sanavutike. Dzulo lake anandifunsa ngati wa positi wadutsa. Ndinati sanadutse. Anati, "Ulaya ndi kutali," n'kutembenukira kukhoma.

Thupi lili ku mochale ku Sekondi. Amalume Kweku Baah asonkhanitsa banja, ndipo tagwirizana kuti maliro adzakhale Loweruka lomaliza la Malichi, kuti akutali afike ndiponso tipente nyumba. Tsopano ndikhoza kulemba poyera chimene sindikanalemba kale, popeza kukuuza mophiphiritsa kuli ngati kuyankhula ndi mzinga wa palinga. Chithunzi chija n'cha pa mapepala olengeza maliro. Amayi anachikonzekera okha kuti anthu akamadutsa pa depoti ndi pa tchalitchi aziona nkhope ya Adjoa Tawiah, osati dzina lokha ngati munthu wopanda abale. Wosindikiza akudikira. Tumiza ndi munthu, positi usaikhulupirire.

Araba


Hamburg, 8 Febuluwale 2004

Achemwali,

Moni wachisoni. Mtima wanga wasweka, sindikudya. Adokotala andiletsa kukwera ndege chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, choncho ndidzabwera pa mwambo wokumbukira amayi pakatha chaka.

Koma musade nkhawa ndi mapepala. Sindingalole amayi anga kusindikizidwa pa makina a ku Sekondi amene inki yake imasungunuka ndi mvula yoyamba. Efuwa ali ku Berlin pa ntchito, ndiye ndatenga ndekha chithunzi cha amayi n'kusindikizitsa konkuno, pa pepala lolimba losalowa madzi. Akubweretserani Bambo Essel a kutchalitchi kwathu, amene akupita kwawo ku Shama. Ndawapempha kuti akangotsika basi amate ena pa depoti, pa tchalitchi ndi pa khoma la linga, kuti mudzi uone kuti Adjoa Tawiah anabala mwana wamwamuna.

Ekow


Bentsir, 22 Febuluwale 2004

Ekow,

Moni ndikupatsa chifukwa amayi anandilera bwino. Mudzi waonadi kuti Adjoa Tawiah anabala mwana wamwamuna.

Bambo Essel ako ndi munthu womvera. Asanafike n'komwe pakhomo pano anali atamata kale ponse unawatuma. Ine ndili pa uvuni ndinangomva phokoso likubwera ndi msewu. Kutsogolo kunali Esi Kakra, pepala lako m'manja, kumbuyo kwake theka la msika.

"Araba, tuluka! Mayi ako anandimana mtendere ali moyo, tsopano akufuna ndiwaperekeze kumanda? Mwandipachika palinga ndili moyo, ine ndi ndowa yanga yomwe!"

Ndinalanda pepalalo. Pamwamba dzina la amayi m'malemba agolide. Pansi nkhungu, linga, ndi msana wa Esi Kakra, phewa lake lamanzere lotsika lija, miyendo yake yamatewe imene ngakhale mbuzi za m'mudzi muno zimaidziwa. Ndipo chimene wasenza pamutupo si nsomba, mlongo wanga. Ndi ndowa imene amagona nayo kuchipinda, akukaikhuthula m'nyanja anthu asanadzuke.

Amayi a kumsika anayamba kumupepesa. "Pepani, Esi Kakra, mwatisiya liti? Bwanji osatiuza tidzagone pamaliro?" Iye anadzigwetsa pabwalo pathu n'kumagubuduzika, akuti tamulodza. Amalume Kweku Baah anachita kupereka nkhosa ndi botolo la mowa kuti amutsuke tsoka, ndipo ine ndinayenda mudzi wonse ndi mpeni kupala mapepala ako. Unanena zoona, ndi olimba. Zala zanga zikuchitira umboni.

Mawa lake wa positi anabweretsa kalata yako ya Novembala, imene inagona m'njira miyezi yonseyi. Ndaiwerenga kawiri. Ukuti munthu sangasokoneze msana umene unamubereka. Ndinakulembera ndi dzanja langa kuti amayi sanaponde kugombe chimwalirire bambo. Ndinakulembera kuti ndinkachita kuwanyamula kuwaika pampando. Makalata anga umawerenga, kapena umangoona ngati muli mawu akuti ndalama n'kuwapinda? Unalira pamaso pa Azungu chifukwa cha mkazi amene anawaliza amayi ako theka la moyo wawo. Ndikuthokoza Mulungu kuti kalatayo inachedwa, sindinawawerengere.

Mawu otsalawa si ako. Uwatumize ku Berlin lero lomwe.

Efuwa mwanawe, tsiku lomaliza lija unaima pabwalo, unakweza kamera, ndipo inalira. Ndinamva ndi makutu anga, agogo akonso anamva. Chithunzi chimenecho ndicho ndikufuna. Kaya kuwala kunaipa, kaya chinapendekeka, tumiza. Maliro ali pa 27 Malichi.

Araba


Berlin, 5 Malichi 2004

Azakhali,

Ndikukupatsani moni ndi manyazi aakulu. Bambo anandiwerengera mawu anu pa foni. Sindinkadziwa kuti agogo ankandidikira ine. Ndinkaganiza kuti amavala choncho chifukwa pakhomo pali mlendo. Palibe anandiuza, koma nanenso sindinafunse.

Ndikuuzeni zoona za tsiku lija. Utsi wa mu uvuni wanu unkadutsa kumaso kwa khoma la linga, pamwamba pa mutu wa agogo, ndipo ndinajambula utsiwo. Agogo ndinkati ndidzawajambula ndikadzabweranso, nditaphunzirako mawu oti ndiziyankhula nawo, chifukwa ndinkachita mantha kuloza kamera munthu amene sindingathe kumupempha. Ndinkaona ngati nthawi ilipo.

Ndafufuza mafilimu onse amene ndinabwera nawo. Nkhope yawo mulibe. Pa chithunzi cha utsicho, m'munsi mwenimweni, pakuoneka duku lawo ndi kachigawo ka chipumi. Potsuka koyamba ndinadulapo mbali imeneyo. Ichi ndatsukanso chathunthu, ndipo ndatumiza pa ndege ya katundu kuti chifike msanga. Ndilibe china.

Mwana wanu,
Efuwa


Bentsir, 4 Epulo 2004

Ekow ndi Efuwa,

Moni nonse. Amayi tawaika, ndipo anthu anabwera ochuluka moti mipando ya kutchalitchi inachepa.

Chithunzi chinafika nthawi ikadalipo. Linga latuluka bwino, mwala uliwonse ukuwerengeka. Wosindikiza wa ku Sekondi, wa inki yosungunuka uja, anachiyang'ana n'kundifunsa, "Mayi, womwalirayo ndi nyumbayi?" Ndinamuuza kuti adule linga lonse, akulitse za m'munsizo. Choncho pa depoti ndi pa tchalitchi panamatidwa duku lachikasu ndi chipumi.

Ndinkaopa kuti atisekanso. Sanaseke. Aliyense wodutsa ankaima n'kunena kuti, "Aa, Mayi Adjoa." Mfundo imene ankamanga pamwamba pa khutu lamanja palibe wina amaitha m'mudzi muno. Ngakhale Esi Kakra anaima pa depoti nthawi yaitali, kenako anati, "Ameneyu ndiye Adjoa, mfundo yonyada yomwe ija." Pamaliro anabwera atavala zakuda, anakhala kumbuyo, ndipo sanatukwane munthu. Mkazi mnzawo anawazindikira ndi kansalu, Ekow. Iwe unapatsidwa munthu wathunthu n'kusankha wolakwika.

Papa Yankah analowa ndithu pakhomo pano. Anawajambula atagonekedwa pabedi la maliro, mu kente wawo ndi mikanda ya agogo, ndipo sananunkhe kachasu tsiku limenelo. Chimenecho ndicho chithunzi chokha cha nkhope ya amayi padziko lapansi, maso ali otseka. Ndakuikira chimodzi m'kalata muno. Usachipachike pa chionetsero. Uchiike pamene umadyera, uziphunzira nkhope ya mayi ako.

Efuwa, iwe sindinakukwiyire kwambiri, unanena zoona ndipo bambo ako sanakuphunzitse. Koma pali chimodzi uchidziwe, poti ndiwe wa sukulu ya zojambula. Agogo ako msana unali utapindika, akakhala pampando uja mutu unkagwera pachifuwa. Nditawauza kuti wakweza kamera, anagwira mikono ya mpando n'kudzikweza ndi mphamvu zonse zimene zinawatsalira, mikono ikunjenjemera, mpaka kamera inalira. Akanakhala mmene ankakhalira masiku onse, monga unkafunira iwe, ngakhale dukulo sukanalipeza.

Araba